Diresi Loyang'ana Kukhoma

1. Mlendo wa pa benchi

Mayi uja analowa mu shopu osaodira. Kabelu ka pachitseko kanalira, mphepo ya mumsewu inagwedeza mavelo amene anapachikidwa pawindo, ndipo iye anangolunjika pa benchi ya makasitomala n'kukhala, ngati munthu amene anakhalapo kale pamenepo.

Anali woonda kwambiri. Kumutu anamanga mpango wotuwa, kumaso anavala magalasi akuda. Kachikwama kake anakaika pamiyendo n'kukagwira ndi manja onse awiri.

Kuseri kwa kauntala kunali mtsikana amene anthu a mumsewumo ankamutchula kuti Kachala, chifukwa chala chake sichinkachoka pa foni. Anali atangolemba mayeso omaliza a ku sekondale. Podikira zotsatira, ankathandiza azakhali ake, eni shopuyo, amene ankasoka ndi kubwereketsa madiresi a ukwati. Tsiku limenelo azakhaliwo anali atalawirira kukaoda nsalu.

"Tikuthandizeni, mayi?" anafunsa Kachala, maso ali pa foni.

"Ndingokhalako pang'ono."

"Mukudikira munthu?"

"Eee."

"Ngati ndi azakhali, abwera masana."

"Palibe kanthu."

Kachala sanafunsenso. Nayenso ankadikira munthu. Anali atavala bulauzi yake yofiira imene ankaisunga pansi penipeni pa sutikesi, ndipo anali atabako mafuta onunkhira a azakhali ake. Kabelu kaja katalira anadzutsa mutu msanga, koma ataona kuti walowa ndi mzimayi, anabwerera pa foni.

Amene ankamudikirayo sanamuonepo nkhope. Ankangomudziwa ndi dzina limodzi lokha.

2. Foni ya shopu

Miyezi ingapo m'mbuyomo, azakhali analipira mnyamata wa pa shopu yoyandikana nawo, wokonza mafoni, kuti awapangire webusayiti. Mnyamatayo ankatchedwa Waya. Webusayiti inatuluka yokongola, yodzaza ndi zithunzi za madiresi ndi mitengo yake, koma panalibe amene ankaitsegula.

"Webusayiti ili ngati shopu ya kuseri kwa msika," Waya anauza Kachala. "Ngati palibe wokokera anthu, mudzangokhala inu ndi ntchentche."

Anamutsegulira akaunti pa tsamba lija la pa intaneti limene anthu amalembapo mauthenga aafupiafupi, mizere iwiri kapena itatu basi, ena n'kumawagawa kwa anzawo. Anamuphunzitsa kuti uthenga uliwonse uzithera ndi linki ya webusayiti. Anamuphunzitsanso kulemba nthawi ya nkhomaliro, pamene anthu a m'maofesi amatafuna maso ali pa foni. Kenaka anamusonyeza kabokosi kamene kankaonetsa chiwerengero cha anthu odina linkiyo.

Kachala anaikonda ntchitoyo. Ankalemba zinthu zimene mtima wake unkalota. Tsiku lina analemba kuti: "Velo ndi nkhungu imene mkwati amaichotsa ndi manja ake kuti aone kuti kwacha. Onani mavelo athu apa."

Odina anali ochepa. Koma panali mmodzi amene sankaphonya. Uthenga uliwonse ankauikira kamtima n'kuugawa. Dzina lake pa tsambalo linali Mthunzi. Analibe chithunzi cha nkhope, koma cha windo lonyowa ndi mvula.

Kenaka Mthunzi anayamba kumulembera kumbali, kumene ena saona. "Mawu ako amandithandiza kudzuka m'mawa," analemba choncho. Kachala anawerenga mawuwo mpaka kuwaloweza. M'maganizo mwake anamuveka Mthunziyo shati loyera, anamupatsa msinkhu, mawu otsika ndi kampata pakati pa mano.

Anamuuza zonse. Anamuuza kuti pepala la masamu analisiya theka. Anamuuza kuti azakhali akachoka iye amavala madiresi a makasitomala n'kumadzijambula pagalasi, ndipo anamutumizira zithunzizo. Tsiku lina atakalipiridwa analemba kuti: "Azakhali angawa amaveka anzawo madiresi a ukwati chaka ndi chaka, koma iwo palibe ngakhale galu amene anawafunsirapo."

Akamufunsa dzina lake lenileni, Mthunzi ankangoyankha kuti, "Tsiku lina."

Foni imene Kachala ankagwiritsa ntchito inali ya shopu. Tsiku limene ankamupatsa, azakhali anamukhazika pansi.

"Tamvera, mwana wa achimwene anga," anatero. "Mu foni muno muli zinthu zimene si zathu. Mkwatibwi akabwera kudzayesa diresi, ndimamujambula kuseri kwa katani, mapini ali m'thupi, kuti a Telala aone pofunika kubweza ndi pofunika kumasula, poti iwo monga bambo salowa m'chipinda choyesera. Mtsikana akaima pamenepo amakhala alibe chodzitetezera. Wina mimba yayamba kuoneka, wina ali ndi chipsera, wina akulira, wina akuseka ngati wamisala. Amandilola kumujambula chifukwa amadziwa kuti ukwati ukangotha, diresi likabwerera, ndimafufuta chithunzicho iye akuona. Madiresi ajambule mmene ungathere, ali pa chidole, ali pawindo. Koma munthu ali mkati mwa diresi, usamukhudze. Ndipo lija lili pakona, loyang'ana kukhoma, ulisiye. Diresi likabwerera osavalidwa timalitembenuza, ndipo sitifunsafunsa. Wamva?"

"Ndamva, azakhali."

Koma lamulo la azakhali linali ndi kampata. Zithunzi zinkafufutidwa ukwati ukachitika. Ukwati wa diresi la pakona sunachitike, choncho chithunzi chake chinatsala mu foni.

3. Chimene anthu amadina

Anachipeza ndi Waya, tsiku limene ankakonza foniyo.

Pa chithunzicho panali mtsikana wonenepa bwino, wa masaya odzaza ndi tsitsi lalitali. Diresi linali lisanatsekedwe kumbuyo. Mapini anali ngundangunda m'chiuno, velo itapendekera kukhutu. Ankaseka pakamwa ponse, manja atatambasula ngati akufuna kukumbatira amene ankamujambulayo.

"Ukwati wa ameneyu unatha bwanji?" anafunsa Waya.

"Kaya. Diresi linangobwerera."

"Ndiye mwamuna anathawa, basi. Iwe Kachala, uli ndi golide m'manja koma ukugulitsa nkhungu. Anthu sadina maluwa. Amadina manyazi a mnzawo."

Kachala anadula mutu wa chithunzicho, n'kusiya kuyambira m'khosi kutsika. Analemba kuti: "Diresi ili linasokedwa, linasitidwa, koma silinafike ku ukwati. Mkwati anathawa kutatsala masiku ochepa. Mukuganiza anaona chiyani? Nkhani yonse ili apa."

Pa webusayiti panalibe nkhani yonse. Panali ndime imodzi imene Kachala anangopeka, ndipo pansi pake panali madiresi ndi mitengo yake.

Lisanalowe dzuwa, uthengawo unali utagawidwa ndi anthu mazanamazana. Chiwerengero cha mu kabokosi kaja chinkathamanga ngati mita ya madzi paipi itaphulika. Ndemanga zinkagwa ngati matalala.

"Anaopa kumunyamula polowa m'nyumba," analemba wina.

"Nsalu yonseyo ikanakwana makatani a holo."

"Mwamunayo apatsidwe mendulo."

Kachala ankasankha ndemanga zoluma kwambiri n'kuzigawanso, linki ili pansi. Anafunsa otsatira ake kuti avote: kodi mkwati anathawa thupi, khalidwe kapena kuphika? Foni ya shopu inayamba kulira. Atsikana ankabwera kudzayesa madiresi, maso akuzembera pakona. Azakhali, amene za tsambalo sankazitsata, anangoona makasitomala akuchuluka ndipo anamugulira Kachala nsapato.

Kenaka anthu anayamba kufuna chinthu chimodzi: nkhope.

"Usawapatse pa tsambalo," anatero Waya. "Uike pa webusayiti pokha, kuti aliyense adine. Ndipo uwalonjeze tsiku, adikire ndi njala."

Kachala analemba kuti: "Lachisanu, nthawi ya nkhomaliro, velo ichoka." Uthengawo anaukhomera pamwamba pa mauthenga ake onse.

Masiku onsewo Mthunzi anali zii. Sanaike kamtima, sanagawe kanthu. Kachala ankati mwina ndi nsanje. Koma Lachinayi madzulo uthenga unafika.

"Mawa ndibwera ku shopu. Ndikufuna ndione ndi maso anga ngati amene analemba za nkhungu ndi yemweyo amene analemba za diresi. Ndikuuza dzina langa."

Ndiye chifukwa chake Lachisanu limenelo Kachala anavala bulauzi yofiira.

4. Makina asiya kulira

Dzuwa linakwera. Mlendo uja anali chikhalire pa benchi. Kunja kunadutsa mnyamata wamtali wa shati loyera, Kachala anaimirira n'kukonza kolala, koma mnyamatayo anapitirira.

"Ndingalione diresi lili pakonalo?" mlendo anafunsa.

Kachala anaseka. "Ndimadziwa ine. Inunso mwaliona pa intaneti, eti? Mukananena kale, mayi. Anthu akubwerera lomweli."

Analichotsa pa msomali n'kulitembenuza. Linali la manja aatali, la timikanda ting'onoting'ono pachifuwa. Mlendo anatambasula dzanja n'kukhudza mkanda umodzi ndi nsonga ya chala.

"Taonani kukula kwake," anatero Kachala, akulikoka m'chiuno uku ndi uku. "Inu mukhoza kulowamo atatu, n'kutsala malo a mlendo."

"Mwini wake unamuonapo?"

"Ayi, ine ndinali ndisanabwere. Koma nkhope ndili nayo. Dikirani nkhomaliro muone. Akuseka ngati wapambana mpikisano, osadziwa kuti mwamuna wamanga kale zingwe za nsapato."

"Anakuuza ndani kuti anathawa?"

"Nanga diresi limabwerera lokha?"

M'chipinda cha kumbuyo makina osokera anasiya kulira. Chitseko chinatseguka ndipo munatuluka a Telala, bambo wachikulire wa tepi m'khosi, amene anasoka mu shopumo kuyambira Kachala asanabadwe. Kutsogoloko sankabwerako kawirikawiri. Anapereka moni kwa mlendo, kenaka anayang'ana diresi lili m'manja mwa Kachala.

"Libwezere pamene linali, mdzukulu."

"Ndikungoonetsa kasitomala, agogo."

"Mwana wanga wamkazi anandiwerengera dzulo zimene ukulemba," anatero a Telala. "Sindinagone bwino. Ndimati ndidikire azakhali ako, koma ndamva kuti iwe sudikira, ndiye undimvere ine. Diresi limenelo ndinasoka ndine. Mwini wake sindinakumanepo naye maso ndi maso, koma ndinkamumva kuseri kwa katani akuimba pamene ankamuyesa. Munthu ameneyo ali kwinakwake lero. Ali ndi mayi ake, ali ndi anzake a kuntchito, amakwera basi, amagula sopo. Iwe ukuona manambala akukwera mu kabokosi, koma nambala iliyonse ndi munthu wa maso awiri ndi pakamwa. Mawa mmodzi mwa iwo akhala naye mpando umodzi n'kumamuloza. Ine ndikasoka molakwika ndimasomola ulusi, nsalu n'kukhalanso bwino. Zako zija zilibe posomolera. Kutsatsa malonda si kulakwa. Itana anthu adzaone ntchito ya manja athu, mpaka mawu akuthere. Koma anthu amene ukuwaitanawa sakubwerera madiresi. Akubwerera munthu, kuti amudye. Akamaliza ameneyu adzafuna wina, ndipo woyandikira kwambiri ndi iweyo."

Kachala anayang'ana pansi. Asanayankhe, kabelu kanalira. Anatembenuka msangamsanga, koma anali Waya, akutafuna chingamu.

"Mwadzuka, madala? Mwayamba kulalikira m'mawa uno?" anatero Waya. "Kachala, anthu ayamba kale kusonkhana. Webusayiti ikuchita kulemera. Chithunzi wakonza?"

"Agogo akuti ndisaike."

"Agogo amadziwa singano. Funsa ngati anayamba adinapo linki chibadwire." Anatsamira kauntala. "Ukapanda kuika, anthu onsewo akutukwana n'kukusiya. Ubwerera ku nkhungu zako, iwe ndi chibwenzi chako chopanda nkhope chija. Bwanji, sichinafike? Kapena nachonso chamanga zingwe za nsapato?"

"Abwera," anatero Kachala.

A Telala anapukusa mutu. "Ine ndanena. Foni si yanga, sindingakulande." Anabwerera m'chipinda chawo, koma makina sanalirenso.

5. Nthawi ya nkhomaliro

Mumsewu anthu a m'maofesi anayamba kutuluka. Pa tsamba lija mauthenga ankangotsika.

"Tafika, chotsani velo."

"Ndasiya chakudya chikuzizira."

"Mukatinamiza tikusiyani nonse."

Kachala anatsegula chithunzi chija, chathunthu. Anachiika pa webusayiti, pamwamba pa madiresi atsopano, monga anamulangizira Waya. Kenaka analemba uthenga: "Nayu amene anathawidwa. Inu musathawidwe. Sankhani diresi lanu apa." Chinatsala n'kudina basi.

Chala chinaima m'malere. Anayang'ana kuchitseko.

"Ukudikira chiyani?" anafunsa Waya.

"Ndimafuna akhalepo. Aone mmene anthu amandimverera."

"Aona ali komweko."

Mlendo anayankhula ali pa benchi, mosakweza mawu. "Mtsikana, ndikufunseko. Mwini chithunzicho akanakhala pano, n'kukupempha kuti usaike, ukanatani?"

"Sangabwere. Angalowe bwanji ndi manyazi amenewo?"

"Nanga akanabwera?"

Kachala anaona kuti Waya akumuyang'ana, akumwetulira chamseri. Anakweza chibwano.

"Ndikanamuuza kuti akanakhala wochenjera akanamugwira mwamuna wakeyo. Si ine ndinamuthawitsa. Ine ndikugulitsa madiresi."

"Chabwino," anatero mlendo.

Kachala anadina.

Nthawi yomweyo, mu kachikwama ka pamiyendo pa mlendo, foni inalira kamodzi.

"Mwaona?" anatero Waya, akuseka. "Ngakhale amayiwa anatchera kuti uthenga wako ukangotuluka foni iziwadziwitsa. Watchuka, mwana iwe."

Chiwerengero chinalumpha. Kachala ndi Waya anagundanitsa mitu pa foni. Ndemanga zoyamba zinali za kuseka. Kenaka zinayamba kusintha.

"Ndikumudziwa uyu. Amaphunzitsa ana a mkaka kuseri kwa chipatala."

"Eee ndi yemweyo, ankaphunzitsa mwana wanga. Kani anathawidwa?"

"Amakhala nyumba ya geti lobiriwira, pafupi ndi thanki ya madzi. Tiyeni tikamuone."

Foni ya mu kachikwama inaliranso. Kenaka inayamba kunjenjemera osalekeza, ikulira, ikusiya, ikuliranso. Mlendo sanaitulutse. Anangoikanikiza ndi manja onse awiri, ngati akutonthoza kamwana.

"Mayi, yankhani foniyo," anatero Kachala. "Ikutisokosa."

"Ndikudziwa chimene akufuna kundiuza."

6. Azakhali abwera

Kabelu kanalira. Analowa azakhali, mpukutu wa nsalu yoyera uli paphewa, thukuta lili kamukamu. Anaona diresi lija lili pa kauntala, chifuwa chili m'mwamba.

"Ndani watembenuza ili?"

Mlendo anaimirira. Anavula magalasi akuda aja n'kuwapinda bwinobwino. Kenaka anamasula mpango. Tsitsi linali lalifupi, lometedwa. Masaya anali atalowa. Koma pamene anayesa kumwetulira popereka moni, pakamwa pake panali pomwe paja pa chithunzi chija.

Mpukutu wa nsalu unagwa pansi n'kufunyululuka mpaka pa benchi.

"Mwanawe," anatero azakhali. "Ndiwe? Watha chonchi?"

"Ndine, mayi. Muli bwanji?"

Kachala anayang'ana pa foni, anayang'ana mlendo, anayang'ananso pa foni. Munthuyo anakhala naye m'mawa wonse, ndipo iye sanamuyang'anitsitse ngakhale kamodzi.

"Chikuchitika n'chiyani pano?" anafunsa azakhali.

Mlendo anatulutsa foni yake, imene inali ikunjenjemerabe, n'kuwapatsa. Azakhali anaitalikitsa kumaso monga amachitira anthu a maso otopa. Anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikugwedezeka. A Telala anali ataima pakhomo la chipinda chawo, tepi ili m'manja.

"Anathawa," azakhali anawerenga mokweza. Anatembenukira kwa Kachala. "Walemba kuti anathawa?"

"Ndimaganiza kuti..."

"Mnyamata ameneyo ndinakamuona ine m'chipatala. Anadwala mwadzidzidzi, masiku ochepa chabe. Tinamuika m'manda sabata yomwe ankayenera kukwatira. Suti imene anagulira ukwati ndi imene anapita nayo. Diresi ili ndinakalitenga ndekha kunyumba kwa mwanayu chifukwa sankatha kuliyang'ana. Chithunzi ndinalephera kufufuta, poti ndimafufuta mwini wake akuona, ndipo ndinalibe mtima womuitana." Analoza Kachala. "Ndinakuuza kuti sitifunsafunsa. Sindinakuuze kuti tizipeka."

"Ndifufuta, azakhali. Ndifufuta pompano."

Chala chija, chimene sichinkaphonya, chinkaterereka pa galasi la foni. Anafufuta uthenga. Anachotsa chithunzi pa webusayiti. Koma pa tsambalo chithunzicho chinali paliponse. Ena anali atachikopa kale. Wina anali atachijambulira nyanga. Wina anachiphatikiza ndi chithunzi cha munthu wothamanga.

"Waya, tandithandiza. Zichotse."

"Zimenezo sizichoka," anatero Waya. Chingamu anali atalavula. "Komanso ine ndinangopanga webusayiti. Zolembazo ndi zako." Anatuluka, kabelu n'kulira kumbuyo kwake.

Kachala anagwada pa nsalu yoyera ija. "Pepani, achemwali. Sindimadziwa."

"Sunadziwe kuti anamwalira," anatero mlendo. "Koma unadziwa kuti ndine munthu."

Anatenga foni yake m'manja mwa azakhali n'kuithimitsa.

"Lolemba ndimayenera kuyambiranso ntchito," anapitiriza. "Koyamba chichitikireni maliro. Ndinali nditasita kale zovala. Tsopano makolo a ana aja andiona ndili ndi nyanga."

Azakhali anaphimba kumaso ndi manja.

"Ndinakhala miyezi osatuluka m'chipinda," anatero mlendo, akuyang'ana Kachala. "Anthu ankabwera ndi mawu awo otonthoza, ine osamva kanthu. Tsiku lina ndinatsegula foni, ndinaona shopu imene inandisokera diresi yalemba kanthu. Velo ndi nkhungu imene mkwati amaichotsa ndi manja ake kuti aone kuti kwacha. Ndinalira tsiku lonse. M'mawa mwake ndinasamba, ndinatsegula windo. Ndinati amene walemba izi ali ndi mtima wabwino, ndikhale naye pafupi."

Kachala anadzutsa mutu pang'onopang'ono.

"Ukanandiyang'ana kamodzi kokha m'mawa uja, ndikanakuuza zonse. Koma maso ako anali kuchitseko. Bulauziyo yakukhala, ndithu. Yakukhala kuposa diresi la mikanda ya golide lija unavala azakhali ako atapita kubanki."

"Diresi liti?" anafunsa azakhali. "La mwana wa adokotala lija? Unavala diresi la kasitomala?"

Kachala sanawamve. Maso ake anali pa mlendo. "Mwadziwa bwanji zimenezo?"

"Ndikudziwanso za pepala la masamu. Ndikudziwanso chimene unanena za mayi awa, amene akukusunga ndi kukugulira nsapato. Za galu zija." Anasisita kachikwama kake. "Zonse zili muno, ndi zithunzi zomwe. Wandiphunzitsa bwino sabata ino. Mizere iwiri, chithunzi chimodzi, nthawi ya nkhomaliro. Ndi kulonjeza tsiku, kuti anthu adikire ndi njala."

"Galu wanji?" anafunsa azakhali, akuyang'ana uku ndi uku. "Mwanawe, ananena chiyani za ine?"

"Sindinaganize chochita nazo, mayi. Pobwera ndimati ndizifufuta iye akuona, monga mumachitira inu. Panopa sindikudziwa. Ndiganiza mpaka Lolemba."

Ananyamula diresi lija pa kauntala, analikutumula pang'ono, n'kukalipachika pa msomali wake pakona. Analitembenuza yekha kuti liyang'ane kukhoma. Kenaka anamanga mpango wake, anavala magalasi, n'kulunjika kuchitseko, akulambalala nsalu yoyera ija kuti asaiponde.

Kachala anali chigwadire. Ankadziwa kale yankho, koma pakamwa panafunsa pokha.

"Ndinu ndani?"

Mlendo anaima, dzanja lili pa chitseko.

"Ndinalonjeza kuti ndibwera, ndipo ndabwera. Dzina limene anandipatsa makolo anga ulipeza mu ndemanga zakozo, alilemba kale. Silinso langa, mwalitenga. Latsala ndi limene ndinadzipatsa ndekha m'chipinda muja, limene unkaliuza usiku kuti ligone bwino."

Anatsegula chitseko. Kabelu kanalira.

"Ndine Mthunzi."